Nthochi za pa malo obwereka

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana samu pa eskola yathu, ndipo chibadwire sindinalembepo kanthu koti akuluakulu awerenge. Chinyanja changanso ndi cha kumalire kuno, chodyera mbale imodzi ndi Chiyao ndi Chipwitikizi; pamene chakhota mundikhululukire. Ndalimba mtima chifukwa nkhani ya amayi anga aakulu, mayi Alzira, ikuyenda mopotoka pamsika wa Entre Lagos, mpaka ena akuti iwo ndi mlongo wawo anatengerana makasu. Khasu linalipo, koma linali limodzi, ndipo silinakhudze munthu. Zambiri ndinaziona ndi maso, ndipo zimene sindinaone ndafunsa eni ake mobwerezabwereza mpaka atopa nane.

Mayi Alzira ndi munthu wamfupi koma wa mawu ofika kutali. Amagulitsa mpunga ndi nsomba zouma za ku Chiuta pafupi ndi njanji, ndipo wogula amene wanyoza kuti nsomba zawo n'zazing'ono amachoka atagula zoposa zimene anabwerera, akusekanso. Anabadwira konkuno, koma ali ndi zaka khumi ndi zitatu nkhondo inawathamangitsa pamodzi ndi makolo awo, nawolokera ku Malawi. Kumeneko mayi wina wachiyao, Abiti Fadili, anawabwereka malo omangapo kanyumba ndi kamunda. Anakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, nabwerera kuno nkhondo itatha. N'chifukwa chake Chipwitikizi cha mayi Alzira n'chamsika chabe, cha moni ndi chogulitsira, poti sukulu yawo yonse anaiphunzirira kutsidya. Amuna awo anali telala. Atamwalira, makina osokera anangophimbidwa ndi nsalu ya kapulana pakona, chifukwa mwa ana awo palibe amene anatengera dzanjalo.

Tsiku lina mu Okutobala wa 2022, dzuwa likuswa mtengo, mayi Alzira anaona mayi wachilendo atakhala m'mphepete mwa msika ndi mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Anali pamenepo kuyambira m'mawa. Chimene chinawagwira mtima si nkhope yake ayi, koma kakhalidwe kake: mtolo sanauike pambali, anaukhalira, ndipo dzanja limodzi silinkachoka pachifuwa pamene anapachika kathumba ka pulasitiki ka mapepala. Munthu wodikira sitima sakhala choncho. Kakhalidwe kameneko mayi Alzira anakadziwa, anakaphunzira ali mtsikana.

Anamutengera madzi ndi chinangwa chophika. Kucheza kwake kunali kwa manja, Chimakuwa chothyoka ndi Chipwitikizi chimene mlendoyo ankachidziwa kuposa iwo. Dzina lake linali Jenerozi, wa ku Burundi. Anakhala zaka zisanu mumsasa wa othawa kwawo cha ku Nampula, ndipo pepala la m'kathumbalo linkasonyeza kuti anapempha chitetezo m'dziko muno, yankho akudikirabe. Munthu wina wa kwawo anamulonjeza ntchito mu loja, sitolo ina ya kuno. Anafika n'kupeza loja yokhoma, mwini wake atasamuka osasiya mawu.

"Ndiye ugona kuti?" anafunsa mayi Alzira, atagoneka tsaya pa manja kuti amve.

Jenerozi analoza pansi pomwe anakhalapo.

"Pano? Pano pamagona mbuzi za a Ibrahimo, ndipo sizilola alendo. Nyamuka."

Kuseri kwa nyumba ya mayi Alzira kuli nyumba ya zidina yofolera udzu imene ankakhala malemu amayi awo. Inali itatha zaka zitatu mukugona nkhuku. Nkhuku zinathamangitsidwa, pansi panaziridwa, ndipo m'mawa mwake anamutenga mlendoyo kupita naye kwa a Ibrahimo omwewo, amene ndi sekeretale wa bairo lathu, ndiko kuti mkulu wa dera lino. "Sindifuna mlendo wobisa ngati chamba," anatero. A Ibrahimo anawerenga pepalalo mbali zonse ziwiri, nalemba dzina, nati akhale.

Ntchito ndi imene inavuta. Mayi Alzira anayenda naye ku maloja awiri ndi ku padariya kumene amaphika buledi. Konseko ankafunsa bilyete, chiphaso cha nzika, ndipo pepala la Jenerozi ankaligwira ndi zala ziwiri ngati likuwotcha. Mmodzi ananena poyera: "Mayi, kaya pepala ili limalola ntchito kaya sililola, ine sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwira kupolisi." Atachoka pamenepo mayi Alzira anaima pakati pa msewu nafunsa ndi manja: kwanu unkagwira chiyani? Jenerozi anayamba kupondaponda phazi limodzi pansi, manja akukankha nsalu yosaoneka.

Mayi Alzira anaseka mpaka anagwira mawondo. "Tazungulira tauni yonse padzuwa, ntchito itafunda kapulana m'nyumba mwanga!"

Makina anatulutsidwa pakhonde, anathiridwa mafuta. Anthu poyamba ankangosuzumira. Ndiye mayi Alzira anasoketsa bulauzi yawo, naivala ku Misa, naivalanso Lolemba kumsika, akutembenukatembenuka pakati pa madengu a nsomba kuti aliyense aone kumsana. Mayi Husna, oyandikana nawo nyumba, anabweretsa nsalu za chikwati cha mwana wawo, ndipo chitatha chikwaticho makina aja sanapumenso.

Kuseri kwa nyumba ya zidina ija kuli kamunda. Mvula itayandikira mayi Alzira anamulozera Jenerozi malire ake, nanena mawu amene pambuyo pake anawadzetsera mutu: "Lima chilichonse chimene ukufuna." Anawanenanso m'Chipwitikizi chawo chamsika kuti amveke bwino, ndipo anamvekadi.

Apa ndifotokoze pang'ono kwa amene si a kuno. Kwathu munthu wobwereka malo amabzala zokolola n'kutha: chimanga, nandolo, maungu, mbatata. Mtengo sabzala, kaya ndi mango, ndimu kapena nthochi. Mtengo ndi wa amene anaubzala, ndipo nthaka imatsata mtengo. Wobzala mtengo pa malo a eni wanena kuti sadzachoka, iye ndi ana ake. Palibe amene amakhazika mwana pansi kumuphunzitsa zimenezi. Timangokula tikuzidziwa, n'chifukwa chake palibe amene amakumbuka kuuza mlendo.

Chaka choyamba Jenerozi analima nyemba ndi chimanga. Chaka chachiwiri, mu Disembala, mayi Alzira ali ku Cuamba kumene mwana wawo ankayembekezera kuchira, Jenerozi anasokera mlimi wina wa dimba malaya, napempha kuti malipiro ake akhale ana a nthochi. Anabwera nawo pamutu, khumi ndi awiri, nawabzala kuzungulira nyumba.

Amene anaziona koyamba ndi Violeta, mwana wa mng'ono wawo wa mayi Alzira, amene ndi ine wolemba. Ndinamupatsa Jenerozi moni m'Chipwitikizi chabwino cha kusukulu, ndinayamikira diresi limene ankasoka, za nthochi osanenapo kanthu. Kenako ndinakwera njinga kukauza amalume. Malo amenewo amatsata akazi, tsiku lina adzakhala athu, ndipo ndinaopa. Ndanena.

Amalumewo ndi a Samueli, mlongo wawo wamkulu wa mayi Alzira, mwini mbumba. Anagwira ntchito yokonza njanji mpaka anapuma, ndipo amakhala kwa akazi awo cha ku Chiuta. Si munthu wankhanza. Ndi munthu amene akamanga chingwe amachiyesa katatu. Anafika Lachitatu, tsiku lomwe mlongo wawo anabwera kuchokera ku Cuamba.

"Chemwali, mwayenda bwanji? Mwana wabadwa bwino? Tithokoze Mulungu. Tsopano musakhale pansi, tiyeni mukaone zimene zamera kuseri kwa nyumba ya amayi."

Mayi Alzira anapita, anaima manja m'chiuno, nayang'ana nthawi yaitali. Dzenje lililonse linali lophimbidwa ndi udzu, mzere wake wowongoka ngati msoko.

"Zabzalidwa bwino," anatero.

"Zabzalidwa bwino! Ndi zimene mwaona zimenezo? Mwaiwala a Vitorino, msuweni wathu? Anabwereka munthu munda, akuti zaka ziwiri zokha. Munthu uja anabzalapo mango anayi. Lero adzukulu ake ndi amene amawathyolera a Vitorino kuti alaweko, pa munda wa agogo awo omwe!"

"Uyu ndi mlendo, achimwene. Sadziwa."

"Munthu wodziwa kusoka kolala ya shati asadziwe mtengo? Ine ndakhala pachikamwini zaka makumi atatu, pamudzi pa akazi anga sindinabzalepo ngakhale papaya. Nanga inu, ku Malawi kuja, bambo anakukwapulirani chiyani?"

Mayi Alzira anakumbuka bwino. Anadya bango nakwirira njere kuseri kwa kanyumba kawo, njereyo n'kumera. Bambo awo anazula kamtengoko, anawakwapula, napita nako m'manja kwa Abiti Fadili kukapepesa. Kuyambira pamenepo njere iliyonse ya mango inkapita pamoto, zaka zonse za kuthawa.

"Sindikumuda mayiyu," anatero a Samueli, mawu atatsika. "Buluku ndavalali anakonza ndi iye. Koma malo ano ndi a mbumba, ndipo sindikufuna kukafunsidwa ndi amayi kumene ali kuti ndinawasunga bwanji. Pofika Lamulungu nyumbayi ikhale yopanda munthu."

"Bwerani Loweruka m'mawa," anatero mayi Alzira. "Mubwere mutadya."

Mayi Alzira sankawaopa a Samueli. Anakula akulimbana nawo. Chimene chinawalemera n'chakuti pa mwambo a Samueli sanalakwe, ndipo mawu oti chilichonse anatuluka m'kamwa mwawo momwe. Lachinayi anapita kwa Jenerozi naloza nthochi zija, kufunsa chifukwa. Nkhope ya Jenerozi inawala. Anafotokoza ndi manja ndi mawu osakaniza kuti kwawo nyumba yopanda nthochi ndi pogona anthu apaulendo, ndipo munthu akapatsidwa malo n'kuwasiya opanda nthochi ndiye kuti wawanyoza. Anabzala pothokoza. Mkoko woyamba, anatero, udzakhala wa Mama Alzira.

Mayi Alzira anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma Chipwitikizi cha moni ndi chogulitsira chinawathera. Anangoti, "Loweruka," nachoka. Zotsalazo Jenerozi anazimva pamjigo, kwa amayi amene ankamulozera nyumba ndi milomo: nthochi zabweretsa mlandu, Lamulungu akuchoka.

Loweruka m'mawa pabwalo la nyumba ya zidina panali a Samueli, a Ibrahimo amene anaitanidwa ngati mboni, mayi Husna, ine, ndi anthu ena amene sanaitanidwe. Jenerozi anatuluka atavala kathumba kake pachifuwa. Mitolo iwiri inali kale pakhomo, yomanga, ndipo makina anali atawapukuta n'kuwaphimba ndi kapulana ija.

Mayi Alzira anabwera ndi khasu paphewa, chiuno atamanga ndi nsalu. Anapita pa nthochi yoyamba, anakumba mozungulira, anaizula ndi dothi lake naigoneka pamthunzi. Yachiwiri chimodzimodzi. Jenerozi anatembenukira kukhoma.

"Eya," anatero a Samueli, akuyang'ana anthu. "Mlongo wanga ndi wouma mutu, koma amamva."

Zonse khumi ndi ziwiri zitagona pamthunzi, mayi Alzira anapukuta thukuta, anamwa madzi, nanyamula nthochi yoyamba ija n'kuibwezera m'dzenje.

"Chemwali! Mukutani?"

"Ndikubzala nthochi, achimwene. Zanga, pa malo a amayi anga. A Ibrahimo, inu mumadziwa malamulo: lilipo loletsa?"

A Ibrahimo anakanda pansi pa chisoti. "Mtengo ndi wa wobzala," anatero pang'onopang'ono. "Wobzala ndikumuona."

Mayi Husna anayamba kuseka m'nsalu.

"Chinyengo chimenecho!" anakuwa a Samueli. "Maenje ndi omwewo! Anakumba ndi iyeyo!"

"Zoona," anatero mayi Alzira. Anaizulanso nthochi ija, anaponda mapazi awiri kumbali, nayamba dzenje latsopano pa nthaka yolimba.

Dzenje la nthochi si la chimanga. Limafuna kufika m'bondo, ndipo mayi Alzira ndi munthu wa zaka makumi asanu, wa msana umene unatopa ndi madengu. Loyamba analikumba akuyimba. Lachiwiri nyimbo inatha. Pa lachitatu Jenerozi, amene tsopano anali atatembenuka osamvetsa kanthu, anathamanga kuti alande khasu.

"Ayi!" Mawuwo anatuluka kwa mayi Alzira ndi a Samueli nthawi imodzi. Jenerozi anaima ngati waponda moto.

"Iwe Violeta," anatero mayi Alzira, atatsamira mpini, "miyendo unali nayo yothamangira kwa amalume ako. Pakamwa uli napo? Muuze uyu zonse, m'Chipwitikizi chako cha maeskolacho. Usadumphe kanthu."

Ndinamuuza. Za wobwereka malo, za mtengo ndi nthaka, za a Vitorino, ndi kuti lero dzanja lake lisakhudze khasu ngakhale mpini. Anamvetsera maso ali pansi. Kenako anafunsa, ine ndikumasulira:

"Ndiye nyumba?"

"Nyumba ukhala," anatero mayi Alzira. "Nthochi udya, mwana wako adya. Koma zidzatchedwa zanga."

"Nanga yankho langa likadzabwera, akadzati ndikhale m'dziko muno mpaka kalekale?"

Mayi Alzira akanatha kumusangalatsa ndi bodza, koma si khalidwe lawo.

"Malo ano si anga ndekha, sindingakupatse. Likadzabwera yankholo tidzavala bwino, ine ndi iwe, tidzapita kwa ogawa malo kukapempha ako. Kumeneko udzabzale ngakhale mlambe."

Jenerozi sanathokoze. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, anaika manja kumbuyo, napita kukasuzumira m'dzenje lachitatu lija. Analankhula mawu ochepa.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Samueli.

"Akuti ndi losaya," ndinayankha. "Ndiponso layandikana kwambiri ndi linzake."

"Ndimaona ine!" anatero a Samueli. "Chemwali, mukupalasa ngati nkhuku. Kunjanji munthu wokumba chonchi tinkamutuma kukatunga madzi. Bweretsani kuno."

"Mukabzala inu zikhala zanu, achimwene. Mudzakwanitsa kudzathirira kuchokera ku Chiuta?"

"Ine ndikumba basi. Kubzala mubzale nokha, mwini mlandu."

Anavula shati naipachika pa njinga. Maenje asanu ndi anayi otsalawo anakumba iwo, akung'ung'udza pa lililonse, Jenerozi akuyenda patsogolo pawo manja kumbuyo, kuloza ndi phazi pamene akumbe. Mayi Alzira ankabwera pambuyo kuika nthochi ndi kupondera dothi, akuitana a Ibrahimo pa iliyonse: "Mwaona? Dzanja la yani?" A Ibrahimo ankayankha kuti aona, mpaka anatopa nangomakweza chala.

Dzuwa litafika pamutu ntchito inatha. A Samueli anasamba m'manja, anayang'ana mitolo ili pakhomo ija, nati kwa ine: "Muuze amasule. Koma ndikadzapezanso ngakhale kandimu, nkhani idzakhala ina." Atagwira njinga anaonanso kuti shati yawo yang'ambika pakhwapa. Anaima pang'ono, naisiya pamwamba pa makina, napalasa atavala vesiti.

Mwa nthochi zija zinagwira zisanu ndi zinayi. Zitatu sizinapirire kuzulidwa. Jenerozi akukhalabe m'nyumba ya zidina, akusokabe, ndipo yankho la pempho lake silinabwere mpaka tsiku limene ndikulemba. Mayi Alzira akuti lidzabwera, ndipo akamanena zimenezo amanena ngati aliona kale panjira. Kumsika akafunsidwa za tsiku lija amangoti anali ndi ntchito ya kumunda.

Tsopano ndimalize ndi zanga. Lachiwiri lapitali m'bairo mwathu munagwa maliro a bambo wina wokalamba. Kuno maliro akagwa khasu silipita kumunda, mtondo sulira, mpaka munthu aikidwe. Koma masana a tsikulo makina osokera ankamveka kuseri kwa mayi Alzira, iwo ali kusiwa. Anthu anamva, ndipo ayamba kunong'ona kuti mlendo wadzikuza, sakulira nawo. Ndikudziwa kuti palibe amene anamuuza. M'maliro ena onse mayi Alzira ankangomugwira dzanja kupita naye, osafotokoza chifukwa, ndipo ulendo uno anachoka m'mawa mothamanga. Mawa ndikaweruka ku eskola ndipita kwa Jenerozi ndekha, ndikamuuze, ndipo tikatenge ufa pang'ono tipite limodzi kukapepesa kwa ofedwa. Ndaikanso mtima kuti Lachitatu lililonse ndizikhala naye pakhonde, iye akusoka, ine ndikumuuza zimene ife timayesa kuti munthu aliyense anabadwa akuzidziwa. Ndayamba kuzilemba pa pepala kuti ndisaiwale, ndipo zadzaza kale mbali imodzi.